M'mene Nyengo ya Cisanu Imakhudzira Kadyedwe ka Mafuta m'Galimoto Yatsopano

Caka ndi caka, mwezi wa Juni ukafika ndipo anthu ayamba kutulutsa majuzi ndi mabulangete, eni magalimoto ambiri amaona kuti mafuta amene amathira sakuwafikitsanso pamene anali kuwafikitsa. Dandaulo limeneli limamveka kwambiri kwa amene angogula kumene galimoto, pakuti iwo amakhala akali kukumbukira ciwerengero ca makilomita pa lita imodzi cimene wogulitsa anawauza. Ena amaganiza kuti anawagulitsa galimoto yowonongeka, ena amakayikira mapampu a pamalo ogulitsira mafuta, ndipo ena amathamangira kwa makanika ndi kulipira ndalama zosinthira zitsulo zimene zilibe vuto.

Nthawi zambiri galimotoyo imakhala ili bwino-bwino. Galimoto iliyonse, kaya yatsopano kaya yakale, imadya mafuta ambiri kunja kukazizira, maka-maka pa maulendo afupi-afupi a m'tauni. Kudziwa cimene cimacititsa zimenezi kumathandiza munthu kusiyanitsa kusintha kumene kwabwera ndi nyengo ndi vuto leni-leni lofunika makanika.

Cisanu ca m'Zambia

Nyengo yozizira m'dziko lino imayamba mu Meyi ndi kutha mu Ogasiti, ndipo cisanu cimafika pacimake mu Juni ndi Julayi. Mbali yaikulu ya dziko ili pamalo okwera. Mzinda wa Lusaka uli pa mamita oposa 1,200 kucokera pamene pali nyanja yamcere, ndipo m'miyezi imeneyi kutentha kwa m'mamawa kumatsika kufika pa madigiri 10 kapena kucepera apo, pamene masana kumakwera kupitirira madigiri 20. Kumadera ena monga Sesheke, ndiponso m'madambo, usiku wina mame amaundana pa udzu. Ku zigwa za Luangwa ndi Zambezi, monga ku Chirundu, kumakhala kofundirako.

Cisanu cimeneci n'cocepa poyerekezera ndi ca maiko monga Canada, Russia kapena kumpoto kwa Japan, kumene madzi amaundana kwa miyezi. Kotero mafuta owonjezera amene galimoto imadya kuno ndi ocepa kusiyana ndi a kumaiko amenewo. Koma ola limene kumazizira kwambiri, dzuwa lisanatuluke ndi litangotuluka, ndilo ola limene anthu ambiri amaliza magalimoto kupita kunchito ndi kuperekeza ana kusukulu.

Zimene zimacitika mu injini yozizira

Injini inapangidwa kuti izigwira bwino nchito pamene madzi ake afika pa madigiri 90 kapena pafupi ndi pamenepo. Galimoto imene yagona panja usiku wonse imakhala yozizira mofanana ndi mpweya woizungulira. Ngati m'mawa kuli madigiri 8, injiniyo iyenera kukwera ndi madigiri oposa 80 kuti ifike poyenera, ndipo kutentha konseko kumacokera ku mafuta omwe mwini wake anagula. M'mphindi zoyambirira, mphamvu yambiri ya mafuta imathera pa kufunditsa zitsulo, madzi ndi oyilo m'malo moyendetsa mawilo.

Petulo amayaka bwino akasanduka nthunzi ndi kusakanizika ndi mpweya. Injini ikatentha, kompyuta ya galimoto imasakaniza magawo 14.7 a mpweya ndi gawo limodzi la petulo poyeza kulemera kwake. Injini ikakhala yozizira, petulo wina sasanduka nthunzi koma amamatirira m'zitsulo zozizirazo ngati mame. Pofuna kuti injini isazime, kompyuta imathira petulo woposa muyezo wa masiku onse. M'magalimoto akale a kabureta nchito imeneyi inali kucitidwa ndi choko, cimene woyendetsa anali kukoka ndi dzanja.

Palinso cifukwa cina. M'paipi yotulutsira utsi ya magalimoto amakono muli cipangizo cocedwa catalytic converter, cimene cimayeretsa utsi. Cipangizoci sicigwira nchito mpaka citatentha kufika pa madigiri 250 kapena 300. Kuti citenthe msanga, kompyuta imathamangitsa injini mwadala kwa kanthawi. N'cifukwa cake galimoto yatsopano imalira mokweza ikangolizidwa m'mawa, kenaka phokoso limatsika lokha. Umu ndi m'mene inapangidwira, ndipo sicizindikiro ca vuto.

Oyilo, giyabokosi ndi batire

Oyilo amalimba akazizira, monga m'mene uci kapena mafuta ophikira amacitira m'mawa wa Julayi. Oyilo wolimba amayenda mocedwa ndipo zitsulo za mu injini zimafuna mphamvu yambiri kuti zizungulire. Oyilo wa m'giyabokosi ndi girisi wa m'mabering'i a mawilo nazonso zimalimba, ndipo izi zimacedwa kufunda kuposa injini yeni-yeniyo. M'magalimoto ambiri osintha okha magiya, kompyuta imacedwetsa kulowa m'giya lapamwamba mpaka oyilo atafunda, cotero injini imazungulira kwambiri pa liwiro limodzi-modzilo.

Batire nayo imafooka m'cisanu, pomwe injini yozizira imafuna mphamvu yambiri kuti ilire. Pambuyo pake altaneta imagwira nchito yaikulu kubwezera magetsi amene atuluka, ndipo altaneta imazunguliridwa ndi injini. M'miyezi imeneyi dzuwa limacedwa kutuluka ndi kulowa msanga, kotero nyali zimayaka nthawi yaitali. Batani locotsera nthunzi pa galasi lakutsogolo m'magalimoto ambiri limayatsanso makina a AC kuti aumitse mpweya, ngakhale woyendetsa sanawayatse yekha. Hita ya galimoto ya petulo imagwiritsa nchito kutentha kocokera ku madzi a mu injini, ndipo ikatsegulidwa mwamphamvu injini ikali yozizira, imacedwetsa injiniyo kufika pa muyezo wake.

Matayala ndi mpweya wa panja

Mpweya umafota ukazizira. Kutentha kukatsika ndi madigiri 10, mphamvu ya mpweya m'tayala imatsika ndi psi imodzi kapena ziwiri. Tayala limene linapopedwa masana otentha mu Epulo lingapezeke locepa ndi psi zitatu m'mawa wa Julayi, osawerengera mpweya umene umatuluka wokha pang'ono-pang'ono mwezi ndi mwezi. Tayala locepa mpweya limaphwathalala pamsewu ndi kuvuta kugubuduza. Unduna woona za mphamvu wa dziko la America umawerengera kuti psi iliyonse yosowa m'matayala onse anayi imacepetsa mtunda wa pa lita ndi gawo la 0.2 peresenti. Ciwerengeroci n'cacing'ono, koma tayala lotere limathanso msanga ndipo limatentha kwambiri pa ulendo wautali, zimene zingaliphulitse.

Mpweya wa panja nawonso umalemera ukazizira. Mpweya wa madigiri 5 ndi wolemera ndi maperesenti pafupi-fupi 9 kuposa wa madigiri 30, ndipo galimoto iyenera kuukankha kuti idutse. M'tauni, mmene magalimoto amayenda pang'ono-pang'ono, zimenezi sizionekera kweni-kweni. Zimaonekera kwa amene amayenda mothamanga usiku kapena mbandakuca pa misewu ikulu-ikulu monga wa Great East kapena wa Great North.

Zimene kuyesa kwaonetsa

Ziwerengero zodziwika kwambiri pa nkhani imeneyi ndi za unduna woona za mphamvu wa ku America. Poyerekezera kuyenda m'tauni pa madigiri 25 ndi kuyenda pa madigiri 7 pansi pa ziro, anapeza kuti galimoto ya petulo imayenda mtunda wocepa ndi maperesenti 15 pa mafuta ofanana. Pa maulendo afupi a makilomita 5 kapena 6, kucepako kumafika pa maperesenti 24. Magalimoto a hybrid amataya maperesenti 30 mpaka 34, ndipo oyendera magetsi okha mtunda wawo umacepa ndi maperesenti pafupi-fupi 40, maka-maka cifukwa ca hita.

Ziwerengero zimenezi ndi za cisanu coposa ca m'mizinda ya m'Zambia, kotero woyendetsa wa ku Lusaka, Ndola kapena Chipata sayenera kuyembekezera kusintha kwakukulu cotere. Phunziro limene likugwira nchito kuno ndi la kutalika kwa ulendo. Mafuta ofunditsira injini amaonongeka kamodzi pa ulendo uliwonse woyambira pa injini yozizira. Munthu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 570, sangaone kusiyana kweni-kweni cifukwa mafutawo amagawanika pa mtunda wautali. Koma wocokera ku Chilenje kapena ku Kabwata kupita ku Cairo Road amafika injini itangoyamba kufunda, n'kuizimitsa, ndipo madzulo amayambiranso pa injini yozizira.

Nyengo yozizira ili ndi ubwino wakenso. Mu Okutobala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 30, AC imagwira nchito tsiku lonse, ndipo unduna womwewo umati m'nyengo yotentha kwambiri AC ingacepetse mtunda wa pa lita ndi maperesenti oposa 25 pa maulendo afupi. Kotero munthu amene amayenda masana okha, mawindo otseka ndi AC yozima, angapeze kuti mu Julayi galimoto yake ikudya mafuta ocepa kusiyana ndi mu Okutobala.

Galimoto yatsopano ndi ciwerengero ca m'buku

Ciwerengero ca mafuta colembedwa m'buku la galimoto kapena pa cikalata ca wogulitsa sicicokera pamsewu. Cimacokera m'cipinda coyesera, mmene galimoto imayendetsedwa pa makina ogubuduza mawilo. Njira yoyesera yocedwa WLTP, imene maiko a ku Europe anayamba kugwiritsa nchito mu 2017, imacitikira pa madigiri 23, AC ndi hita zili zozima. Dziko la Japan linasamukira ku njira yofanana ndi imeneyi mu 2018, kusiya yakale ya JC08 imene inali kupereka ziwerengero zokoma kuposa zimene anthu anali kupeza pamsewu. Ku America, kuyambira pa magalimoto a caka ca 2008, ciwerengero ca pa cikalata cimaphatikizapo kuyesa kwa m'cisanu ndi kwa AC.

Zimenezi zikukhudza ogula a m'dziko lino cifukwa magalimoto ambiri amene anthu amati ndi atsopano ndi ogwirako kale nchito ocokera ku Japan, olowera pa madoko a Dar es Salaam, Durban ndi Walvis Bay. Ciwerengero cimene wogula amaona pa intaneti kawiri-kawiri cimakhala ca njira yakale ija. Munthu akalandira galimoto yotere mu Juni, n'kumaiyendetsa m'mawa m'misewu yodzaza ya m'tauni, kusiyana kwa ciwerengero ca papepala ndi ca pamsewu kumakhala kwakukulu.

Galimoto yocokera kufakitale ili ndi cifukwa cina cowonjezera. Zitsulo za mu injini ndi m'giyabokosi zimakhala zisanazolowerane, ndipo matayala atsopano, pokhala ndi mizere yakuya, amalemera kugubuduza kuposa ogwirako nchito. N'cifukwa cake malamulo a WLTP amafuna kuti galimoto yoyesedwa ikhale itayenda kale makilomita 3,000 mpaka 15,000. Mabuku a magalimoto ambiri amalangizanso kuyendetsa mofatsa pa makilomita 1,000 kapena 1,500 oyambirira. Wogula galimoto yatsopano m'nyengo yozizira amakumana ndi zinthu ziwirizi pamodzi, ndipo ndi bwino kuti asaiweruze mpaka itayenda makilomita masauzande angapo ndipo nyengo yasintha.

Magalimoto a hybrid ndi a dizilo

Magalimoto a hybrid monga Toyota Aqua, Toyota Prius ndi Honda Fit amapulumutsa mafuta pozimitsa injini pamene aima kapena akuyenda pang'ono-pang'ono. Koma kompyuta siilola injini kuzima ikali yozizira, ndipo woyendetsa akatsegula hita injini imapitiriza kulira kuti ipereke kutenthako. Eni magalimoto otere, kuphatikizapo oyendetsa matakisi, ndiwo amaona msanga kusintha kwa nyengo. Ngakhale zili tero, hybrid imadyabe mafuta ocepa m'tauni poyerekezera ndi galimoto ya petulo ya msinkhu wofanana.

Injini ya dizilo imayatsa mafuta ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, kotero imavutika kulira ikazizira. Ili ndi mapulagi ofunditsira, ndipo woyendetsa ayenera kudikira kuti kanyali kake kazime asanalize. Injini za dizilo zimacedwanso kufunda zikangoima. Vuto la dizilo kulimba ngati phula m'thanki ndi la kumaiko ozizira kwambiri. Kusonkha moto kapena kuika mbaula pansi pa injini kapena thanki pofuna kufunditsa ndi ngozi imene ingatenthe galimoto yonse.

Zizolowezi zimene zimaononga mafuta

Cizolowezi coyamba ndi kusiya galimoto ikulira pabwalo kwa mphindi 10 kapena 15 kuti ifunde. Mwambo umenewu unacokera ku nthawi ya kabureta. Galimoto yamakono imafuna masekondi 30 cabe kuti oyilo afike ponse-ponse, kenaka iyenera kuyamba kuyenda mofatsa, popanda kuponda mafuta mwamphamvu. Injini imafunda msanga ikamayenda kusiyana ndi itaima, ndipo giyabokosi ndi matayala zimafunda pokha-pokha galimoto ikamayenda. Injini yongolira itaima imadya lita imodzi mpaka awiri pa ola, malinga ndi kukula kwake. Amene amaliza galimoto kwa mphindi 10 m'mawa uliwonse amakhala atailiza maola asanu pa mwezi osayenda ngakhale kilomita imodzi. Cofunika kudikira ndi cakuti magalasi ayere kuti msewu uzioneka. Kuliza galimoto m'galaji yotseka n'koopsa cifukwa utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo koma umapha.

Caciwiri ndi kucotsa thermostat. Kacitsulo kameneka kamatseka njira ya madzi opita ku redieta mpaka injini itafunda. Amakanika ena amakacotsa ponena kuti n'kofunika kumaiko ozizira okha. Kakacotsedwa, madzi amazungulira ku redieta kuyambira pa ciyambi, injini imacedwa kufunda kapena siifika konse pa muyezo wake, ndipo kompyuta imapitiriza kuthira mafuta ambiri. Zotsatira zake zimaoneka kwambiri m'miyezi ya cisanu, ndipo injiniyo imathanso msanga.

Cacitatu ndi kuthira oyilo wolimba kuposa amene buku linanena. Pa cigubu ca oyilo pamalembedwa manambala monga 0W-20, 5W-30 kapena 20W-50. Nambala yoyamba imasonyeza m'mene oyiloyo amayendera akazizira, ndipo ikakhala yaing'ono ndiye kuti amayenda mosavuta m'mawa. Injini zambiri zamakono za ku Japan zinapangidwira 0W-20 kapena 5W-30. Kuthiramo 20W-50 kumawonjezera kadyedwe ka mafuta ndipo kumacedwetsa oyilo kufika ku zitsulo zam'mwamba injini ikangolizidwa.

Palinso cikhulupiriro cakuti kugula mafuta m'mawa kwambiri kumapindulitsa cifukwa amakhala ozizira ndi olemera. N'zoona kuti petulo amafufuma pang'ono akatentha, koma matanki a pamalo ogulitsira mafuta ali pansi pa nthaka, pamene kutentha sikusintha kweni-kweni pakati pa m'mawa ndi masana.

Kuyeza kadyedwe ka mafuta

Singano ya mafuta siipereka ciwerengero codalirika, ndipo nambala yoonekera pa dashibodi nthawi zina imakometsera. Njira yabwino ndi kudzaza thanki mpaka pampu itadziimitsa yokha, kulemba makilomita, kuyenda monga mwa masiku onse, ndi kudzazanso pa pampu yomweyo. Makilomita amene ayendedwa agawidwe ndi malita amene alowa ulendo waciwiri. Mwacitsanzo, galimoto imene yayenda makilomita 400 ndi kulowa malita 32 ikuyenda makilomita 12.5 pa lita. Ngati mu Julayi mtunda womwewo wafuna malita 35, ndiye kuti ikuyenda makilomita 11.4 pa lita. Kuyeza kamodzi sikukwanira. Pafunika matanki atatu kapena anayi, ndi kabuku kolembamo caka conse, kuti nyengo ziyerekezedwe bwino.

Pofuna kucepetsa kuonongeka kwa mafuta, ndi bwino kuphatikiza maulendo ang'ono-ang'ono kukhala ulendo umodzi, kuyamba ndi malo akutali kuti injini ifunde, kenaka kuima pa malo apafupi pobwerera. Galimoto yogona m'galaji kapena pansi pa denga siizizira ngati yogona pabwalo. Matayala ayezedwe kamodzi pa mwezi, m'mawa galimoto isanayende mtunda, motsatira nambala yolembedwa pa mphuthu ya citseko ca woyendetsa. Nambala yolembedwa pa tayala leni-lenilo ndi malire a mpweya umene tayalalo lingapirire. Katundu wosafunika ndi zitsulo zonyamulira katundu padenga zicotsedwe ngati sizikugwira nchito.

Pamene makanika afunika

Kusintha kobwera ndi nyengo kumakhala kocepa, kumayamba pang'ono-pang'ono, ndipo kumatha kukayamba kufunda mu Seputembala. Galimoto iyenera kupita kwa makanika ngati singano ya kutentha siifika pa malo ake a masiku onse pambuyo poyenda mphindi 15 kapena 20, ngati hita ikutulutsa mpweya wozizira nthawi zonse, ngati nyali yocenjeza za injini yayaka, kapena ngati pakumveka fungo la petulo. Utsi wakuda umasonyeza kuti mafuta akulowa opitirira muyezo. Nthunzi yoyera yotuluka m'mawa n'kutha injini ikafunda ndi madzi cabe, koma utsi woyera woculuka wosatha ungasonyeze kuti madzi akulowa mu injini. Mwini galimoto imene ikali pa citsimikizo ca wogulitsa aipereke kwa wogulitsayo pamodzi ndi kabuku ka ziwerengero, pakuti kuitsegulitsa kwina kungathetse citsimikizoco.

Dziko la Zambia silikumba mafuta akeake. Dizilo wambiri amabwera kudzera m'paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inatsegulidwa mu 1968 ndipo mu 2023 inayamba kunyamula dizilo woyengedwa kale. Petulo amabwera pa magalimoto a matanki. Mitengo ya pa pampu imalengezedwa ndi bungwe la Energy Regulation Board, ndipo imatsatira mitengo ya pa msika wa maiko ndi mphamvu ya Kwacha. Woyendetsa galimoto sangasinthe zimenezi, monganso sangasinthe nyengo. Zimene zili m'manja mwake ndi mphindi zimene injini imalira itaima, mpweya wa m'matayala, mtundu wa oyilo ndi kakonzedwe ka maulendo ake. Kwa woyendetsa takisi amene ayenera kupereka ndalama kwa mwini galimoto madzulo aliwonse, kapena banja limene limagawa malipiro a pamwezi pakati pa mafuta, unga ndi sukulu, malita ocepa opulumutsidwa mu Juni ndi Julayi ndi ndalama yooneka.